Mafunso ndi mayankho: mmene eni nthaka amatsogolera ntchito yofotokozera alendo ku paki ya Uluru-Kata Tjuta

Pakati penipeni pa Australia, m'chipululu cha dothi lofiira, pali thanthwe lotchedwa Uluru. Msinkhu wake ndi mamita 348, ndipo kulizungulira wapansi ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 10. Chakumadzulo kwake kuli mapiri a miyala 36 otchedwa Kata Tjuta. Zonsezi zili m'paki imodzi yoyendetsedwa ndi boma, koma nthaka yake ndi ya Anangu, mbadwa za derali zolankhula Pitjantjatjara ndi Yankunytjatjara. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amakonda kufunsa akamva kuti kumeneko eni nthaka ndiwo amagamula zimene mlendo auzidwe.

Mukati kufotokozera alendo mukutanthauza chiyani? Si kungowaperekeza basi?

Kuperekeza ndi mbali imodzi chabe. Chilichonse chimene mlendo amamva kapena kuwerenga chokhudza malowo chili m'ntchito imeneyi: mawu a pachikwangwani cha m'mbali mwa njira, kabuku kamene amalandira pachipata, zimene woyendetsa basi amalankhula pa maikolofoni, zoonetsa za m'nyumba ya chikhalidwe, mpaka zolembedwa pa intaneti. Ngakhale kumene kanjira kadutsa ndi pamene basi imaima kuti anthu ajambule dzuwa likulowa, wina anachita kusankha. Kwa zaka zambiri osankhawo anali akuluakulu a boma ndi makampani onyamula alendo, ndipo nkhani imene alendo ankabwerera nayo kwawo inali ya azungu oyamba kufika kumeneko ndi ya amene anakwanitsa kukwera pamwamba. Tikamati eni nthaka akutsogolera, tikunena kuti iwo ndiwo amagamula nkhani yoti inenedwe, woinena, malo oinenera, ndi pamene iyenera kulekezera. Kuitanidwa kudzavina pamaso pa alendo, mwini pulogalamu ali wina, kumeneko si kutsogolera.

Zinatheka bwanji kuti paki ya boma ikhale pa nthaka ya Anangu?

Nthakayo inayamba yalandidwa kaye. Mu 1872 Ernest Giles anaona Kata Tjuta ali patali, ndipo chaka chotsatira William Gosse anafika pathanthwe n'kulitcha Ayers Rock, polemekeza Henry Ayers, mkulu wina wa boma la South Australia. Mu 1920 derali linaikidwa m'chigawo chopatulira mbadwa, koma magalimoto a alendo atayamba kuchuluka, boma linadulako mbali ya thanthwe ndi mapiri mu 1958 n'kuisandutsa paki. Mamotelo anamangidwa patsinde penipeni, eni malo n'kumaonedwa ngati osokoneza bizinesi.

Mpata unapezeka ndi lamulo la 1976 lolola mbadwa za Northern Territory, chigawo cha Australia chimene muli pakiyi, kuitanitsa nthaka yawo. Poyamba Anangu anauzidwa kuti pakiyo singaitanitsidwe poti inali kale m'manja mwa boma. Mu 1983 nduna yaikulu Bob Hawke inalengeza kuti lamulo lisinthidwa, ndipo pa 26 Okutobala 1985 Sir Ninian Stephen, amene ankaimira mfumukazi m'dzikomo, anapereka chikalata cha umwini kwa Anangu. Boma la Northern Territory linanyanyala mwambowo, ndipo kandege kena kanadutsa pamwamba katakoka nsalu yonena kuti thanthwelo ndi la anthu onse a m'Australia.

Tsiku lomwelo Anangu anasainira lizi yobwereketsa nthakayo ku boma kwa zaka 99. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa lizi inali gawo la mgwirizano: popanda kuivomera, chikalata sichikanatuluka.

Ndiye mawu omaliza ali ndi ndani?

Ali ndi bodi ya paki, imene ili ndi mipando 12. Mipando 8 ndi ya Anangu, amuna 4 ndi amayi 4, ndipo wapampando amachokera mwa iwo. Inayo ndi ya mkulu wa mapaki a boma ndi anthu osankhidwa ndi nduna ya zachilengedwe, nduna ya zokopa alendo, ndi boma la Northern Territory. Bodi ndi imene imakonza dongosolo la zaka 10 loyendetsera paki, pomwe ntchito za tsiku ndi tsiku zimagwiridwa ndi bungwe la boma la Parks Australia. Palinso bungwe la Central Land Council, limene ntchito yake ndi kufufuza eni enieni a malo aliwonse ndi kuonetsetsa kuti afunsidwa asanakhudze kanthu.

Kugawa mipando mofanana pakati pa amuna ndi amayi si zongofuna kusangalatsa mabungwe a za jenda. Pathanthwe limenelo pali malo ndi nkhani za amayi zimene mwamuna sangazilankhulire, palinso za amuna zimene mayi sangazikhudze. Bodi ya amuna okhaokha ikanakhala yopanda mphamvu pa malo onse a amayiwo.

Alendo amauzidwa nkhani zotani?

Maziko a zonse ndi Tjukurpa. Mmenemo muli mbiri ya mmene makolo akalekale anaumbira dziko poyenda, muli chilamulo cha mmene anthu ayenera kukhalira, za ubale, za maukwati, za chakudya, za kasamalidwe ka madzi ndi moto. Anangu safuna kuti zizitchedwa nthano kapena maloto, poti kwa iwo ndi lamulo limene likugwirabe ntchito lero, ndipo umboni wake uli pamwala.

Mwachitsanzo, pa dziwe la Mutitjulu alendo amauzidwa za Kuniya, nsato yaikazi imene inabwera kuchokera kum'mawa itanyamula mazira. Mphwake atalasidwa ndi ankhondo a Liru, njoka yaululu, Kuniya anakwiya, anavina gule wake wamphamvu, n'kukantha mmodzi wa a Liru ndi ndodo yokumbira. Wofotokoza amaloza ndi dzanja mzere wokhotakhota pathanthwe pamene nsato inadutsa, ndi ming'alu pamene ndodo inamenya. Phunziro lake ndi la udindo wa munthu pa mwana wa m'bale wake ndi la chilango choyenera cholakwa.

Kumpoto chakumadzulo kuli nkhani ya anthu a Mala. Iwo anafika kuchokera kumpoto n'kuyamba mwambo wawo, ndipo ali mkati anaitanidwa ndi anthu a kumadzulo kuti akakhale nawo pa mwambo wina. Anakana, chifukwa mwambo ukayamba suimikidwa panjira. Oitanawo anapsa mtima n'kutumiza chilombo chonga galu chotchedwa Kurpany. Mbalame ina yaikazi, Luunpa, inachenjeza, koma ambiri sanamve msanga, ndipo otsala anathawira kum'mwera. Palinso Lungkata, buluzi wa lilime labuluu amene anaba nyama ya alenje ena, n'kunama atafunsidwa, mapeto ake anapsa ndi moto.

Bwanji nkhani zina amazibisa? Mlendo walipira ndalama zake.

Tikiti imakulolani kulowa m'paki, koma nkhani za chilamulo sizigulidwa pachipata. Zimene alendo amamva ndi gawo loyamba, lofanana ndi limene mwana wa Anangu amauzidwa. Pamwamba pake pali magawo ena amene munthu amalandira akamakula, akalowa miyambo, ndiponso malinga ndi banja limene anabadwira ndi malo amene ali ndi udindo nawo. Ku Kata Tjuta pafupifupi nkhani zonse ndi za amuna olowa mwambo, n'chifukwa chake zikwangwani za kumeneko zimanena za miyala, zomera ndi mphepo, osati za Tjukurpa. Ena amaganiza kuti aboma anaiwala kulemba. Sanaiwale.

Wowerenga Chichewa sangavutike kumvetsa izi. Za ku dambwe sizikambidwa pamsika, ndipo za m'tsimba zili ndi anamkungwi ake. Ku Chongoni ku Dedza, kumene malo 127 a zojambula za pamiyala analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, zina mwa zojambulazo ndi za chinamwali ndi Nyau, ndipo munthu wosameta amangouzidwa za pamwamba.

Ntchito ya wofotokoza ikafika pamenepa ndi kunena poyera kuti apa pali zambiri koma si zanga kuzinena. Wofotokoza amene amadzaza mpatawo ndi zopeka kuti alendo asakhumudwe ndiye woononga kwambiri ntchito yonse, kuposa amene wangokhala chete.

Wogwirizanitsa mapulogalamu amenewa amachita chiyani tsiku ndi tsiku?

Zambiri mwa ntchito zake mlendo sadzaziona. Tiyerekeze kuti pakufunika chikwangwani chatsopano pa phanga lina. Choyamba ndi kudziwa amene ali ndi ufulu wolankhulira malowo, ndipo si mkulu aliyense. Akhoza kukhala agogo okhala ku Mutitjulu, mudzi umene uli mkati mwa paki, koma akhozanso kukhala ku Kaltukatjara, Imanpa, Utju kapena Pukatja, midzi ya kutali, ina yofikika ndi misewu yafumbi. Ndiye pamafunika galimoto, mafuta, chakudya, mthunzi, womasulira, ndi malipiro a akuluakuluwo, chifukwa nthawi yawo ndi nzeru zawo ndi ntchito ngati ya katswiri wina aliyense.

Nkhani ya malo sikambidwa bwino mu ofesi. Akuluakulu amafuna akaime pamalopo, aone, ena aimbe nyimbo yake, kenako ndiye anene zoti zilembedwe. Ngati ndi malo a amayi, amuna onse amatsala kutali, ndi dalaivala yemwe. Mawu amajambulidwa m'chinenero chawo, amamasuliridwa m'Chingerezi, kenako amabwereranso kwa eni ake n'kuwerengedwa mokweza kuti amve ngati womasulira sanaonjezere zake. Nthawi zina mkulu wina amene kunalibe tsiku loyamba amati chiganizo ichi chichoke, ndipo chimachokadi. Zikatero nkhani imapita ku makomiti a pansi pa bodi, monga yoona zokopa alendo kapena yoona mafilimu ndi zithunzi.

Mbali inayo kuli makampani a mabasi amene amagulitsa maulendo miyezi yambiri pasadakhale, ndi akuluakulu a boma a ku Canberra, likulu la dzikolo, amene amafuna ndalama za bajeti zithe chaka chisanathe pa 30 Juni. Wogwirizanitsa amakhala pakati pa makalendala awiri osamvana. Luso lake lalikulu ndi kukonza ndondomeko yokhala ndi mpata, kuti mkulu akapanda kubwera pakhale china chopatsa alendo chimene chinavomerezedwa kale, m'malo mokakamiza mnyamata kunena nkhani imene si yake.

Ntchito zambiri zimagwiridwa awiriawiri, wa Anangu ndi mnzake wochokera kunja, amene amatchedwa malpa. Wina amadziwa dziko ndi anthu, wina amadziwa mafomu, inshuransi ndi kompyuta. Zikamayenda bwino aliyense amaphunzitsa mnzake. Zikalakwika, wa mafomu ndiye amasanduka bwana, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene mapulogalamu ambiri otere amafera mwakachetechete, dzina la eni nthaka likadali pakhomo.

Nanga maliro akagwa kapena mwambo ukayamba?

Ntchito imaima kapena imachepa, ndipo wogwirizanitsa wanzeru amadziwiratu zimenezo. Anthu amasamuka kukakhala pa maliro masiku ambiri, nthawi zina kumudzi wakutali. Dzina la womwalira silitchulidwa kwa nthawi, ndipo amene ali ndi dzina lofanana nalo amayamba kutchedwa Kunmanara. Zithunzi ndi mawu ake siziyenera kuonekera, choncho m'nyumba ya chikhalidwe mukhoza kupeza chithunzi chitaphimbidwa. Kumeneko si kuonongeka kwa zoonetsa. Wopanga kanema kapena kabuku ayenera kuganiziratu mmene adzachotsere nkhope ya munthu popanda kutaya zonse. Nkhokwe ya zithunzi ya pakompyuta ya Ara Irititja, imene Anangu anayamba mu 1994, inakonzedwa ndi nzeru yomweyi: imatha kubisa zithunzi za omwalira, ndipo za amuna ndi za amayi zimasungidwa padera.

Kodi aliyense wotsogolera alendo kumeneko ndi wa Anangu?

Ayi, ndipo tisanamizane. Alendo amafika mazana a masauzande pachaka, pomwe ku Mutitjulu kumakhala anthu mazana ochepa. Mlendo wamba amamva nkhani ya Kuniya kuchokera kwa wantchito wa kampani ya maulendo amene mwina wabwera kuchokera ku Sydney kapena kunja kwa dziko. Njira imene bodi inapeza ndi yakuti aliyense wotsogolera alendo pa bizinesi ayambe wapambana maphunziro ovomerezeka, amene amachitika kudzera ku Charles Darwin University. Mmenemo amaphunzira nkhani zimene Anangu analola, mmene azinenere, malo oletsedwa, ndi za chitetezo cha alendo pa kutentha.

Lamulo lina lofunika ndi lakuti nkhani imakambidwa pa malo ake. Makolo a Mala anayenda mtunda wautali, ndipo chigawo cha nkhani chimene chinachitikira kutali ndi thanthwe chili ndi eni ake ena. Wofotokoza wa pa Uluru amalekezera pamene malire a eni Uluru athera.

Ofuna kumva kuchokera kwa Anangu enieni amawapeza kwambiri m'magulu ang'onoang'ono, pa maphunziro a zojambula za madontho ndi zosema, kapena pa maulendo amene mkulu amalankhula chinenero chake womasulira ali pambali. Amakhala okwera mtengo komanso sachitika tsiku lililonse.

Mwanena zambiri za chikhalidwe. Za chilengedwe zimalowa pati?

Kwa Anangu ziwirizi sizisiyana, ndipo nkhani ya moto ndi imene inaphunzitsa boma zimenezi. Kale Anangu ankatentha timagawo ting'onoting'ono nyengo yozizira, kotero tchire linkakhala la misinkhu yosiyanasiyana: apa potentha kumene, apo pophukira, uko pokhwima. Moto wa mphezi ukabuka nyengo yotentha unkazima ukafika pa lupsa. Anthu atachotsedwa udzu unaunjikana, ndipo mu 1976 moto wolusa unapsereza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a paki. Kuchokera m'zaka za m'ma 1980 kutentha kwa timagawo kunabwerera, akuluakulu a Anangu akuuza alonda a paki nthawi ndi malo.

Chitsanzo china ndi mala weniweniyo, kanyama ka mtundu wa kangaroo kosaposa makilogalamu awiri. Kanatha kutchire chifukwa cha amphaka olowerera, nkhandwe zobwera ndi azungu, ndi kusintha kwa moto. Mu 2005 kanabwezeretsedwa m'paki, mu mpanda wa mahekitala 170 umene amphaka ndi nkhandwe sizingalowe. Kwa asayansi kunali kupulumutsa mtundu wa nyama. Kwa Anangu kunali kuti ana aone ndi maso kanyama kamene amakamva m'nyimbo.

Powerenga nyama, asayansi amadalira odziwa kulondola mapazi, amene m'mawa amawerenga mchenga n'kunena chimene chadutsa usiku ndi kumene chalowera. Amayi achikulire ndiwo akatswiri pa maenje a tjakura, buluzi wamkulu wa m'chipululu amene ali pangozi yotha. Alendo amauzidwanso za adani a lero: ngamira zolowerera zimene zimaipitsa madziwe, ndi udzu wa buffel umene unabweretsedwa kuchokera kunja, umene umapha zomera za komweko n'kumayaka moto waukali kwambiri.

Asayansi amati thanthwelo linapangidwa ndi mchenga. Kodi sizitsutsana ndi Tjukurpa?

Zonse ziwiri zimanenedwa, ndipo palibe amene amakakamizidwa kusankha. Akatswiri a miyala amati mchenga wake unaunjikana zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo, unalimba, kenako unapendekeka mpaka mizere yake inaima chilili. Kufiira kwake ndi dzimbiri la chitsulo cha m'mwalamo. M'mapanga ena mwalawo ndi wotuwa. Chimene chinasintha ndi kuti nkhani ya Anangu sikhalanso ngati yokometsera kumapeto. UNESCO nayo inachita kubwerera: mu 1987 inalemba pakiyi chifukwa cha chilengedwe chokha, ndipo mu 1994 inailembanso chifukwa cha chikhalidwe, kukhala malo achiwiri padziko kulembedwa m'gulu la malo amene chilengedwe chake n'cholumikizana ndi chikhalidwe cha eni ake, pambuyo pa Tongariro ku New Zealand.

N'chifukwa chiyani panatenga zaka 34 kuti aletse kukwera thanthwe?

Funso limeneli ndi limene limaonetsa bwino mphamvu ya kufotokozera. Njira yokwerera, imene anaikamo tcheni mu 1964, ndi yomwe amuna a Mala anadzera pa mwambo wawo. Anangu sankafuna anthu azikwerapo, komanso ankamva chisoni ndi udindo munthu akafera pa nthaka yawo, ndipo anthu oposa 35 anafa pokwera, ambiri ndi mtima. Pamwamba panalibe chimbudzi, ndiye mvula ikagwa zonyansa zinkatsikira m'madziwe a pansi. Koma a zokopa alendo ankaopa kuti akaletsa alendo asiya kubwera, ndipo andale ankawamvera.

Anangu anasankha kupempha. Patsinde anaika chikwangwani chofotokoza chifukwa chake iwo sakwera, n'kupempha mlendo kuti nayenso asakwere. Uthenga womwewo unali m'timabuku, m'nyumba ya chikhalidwe ndi m'kamwa mwa otsogolera alendo. Anakonzanso zina zoti mlendo achite pansi. Dongosolo la 2010 linanena kuti okwera akachepera 20 pa 100 aliwonse, bodi ikhoza kutseka. Cha m'ma 1990 ankakwera anali pafupifupi 74 pa 100. Pofika 2015 anatsika kufika pa 16. Pa 1 Novembala 2017 bodi yonse inavomereza kutseka, ndipo wapampando wake Sammy Wilson ananena kuti malowo si bwalo la masewera ngati Disneyland. Njirayo inatsekedwa kuyambira pa 26 Okutobala 2019, ndipo tcheni chinazulidwa.

Miyezi yomaliza anthu anakhamukirako n'kupanga mzere wautali pathanthwe, aliyense akufuna kukwera asanatseke. Chikwangwani chija ankachidutsa akuchiona.

Kujambula zithunzi n'kololedwa?

Malo ambiri inde. Koma pozungulira thanthwe mupeza zikwangwani zonena kuti kuyambira apa mpaka apo musajambule, makamaka mbali ya kumpoto chakum'mawa. Chifukwa chake n'chakuti maonekedwe a mwala pamalo amenewo ali ngati malemba a chilamulo, oyenera kuonedwa pomwepo ndiponso ndi oyenera okha. Chithunzi chikalowa pa Facebook chikhoza kufika pafoni ya mtsikana kapena mnyamata wa Anangu amene saloledwa kuchiona. Ojambula za malonda amafunika chilolezo, ndipo zithunzi zawo zimayamba zaunikidwa. Mu 2020 Parks Australia inapempha Google kuchotsa zithunzi za pamwamba pa thanthwe zimene zinkalola munthu kukwera ali pakompyuta, ndipo zinachotsedwa. Kujambula munthu osamupempha ndiye n'kosayenera kulikonse.

Izi sizikutanthauza kuti Anangu amadana ndi zamakono. Mu 2023 kunja kwa paki kunayamba chionetsero cha usiku cha Wintjiri Wiru, chimene madroni oposa 1,000 amajambula mumlengalenga chigawo cha nkhani ya Mala, ndipo gulu la Anangu ndi limene linavomereza mawu ndi zithunzi zake.

Mbiri yowawa nayo imakambidwa?

Ikukambidwa kuposa kale. Mu 1934 wapolisi Bill McKinnon anawombera ndi kupha mwamuna wa Anangu m'phanga pafupi ndi dziwe la Mutitjulu, ndipo mabanja ena anathawa pathanthwe kwa zaka zambiri. Chigaza cha womwalirayo chinakasungidwa ku Adelaide mpaka chinabwezedwa kwawo mu 2022. Palinso zolakwa za ntchito yokopa alendo yomweyi: kale otsogolera alendo ankathira madzi pa zojambula za m'mapanga kuti mitundu iwale pojambula, ndipo zina zinafufutika. Lero wofotokoza amanena zimenezi ataima pa phanga lomwelo, alendo ali kuseri kwa chotchinga.

Ndalama za pachipata zimapita kuti?

Pa mtengo umene unayamba mu 2020, wamkulu amalipira madola a Australia 38 kwa masiku atatu, ana osakwana zaka 18 salipira. Eni nthaka amalandira lendi ya pachaka ndi gawo la ndalama zolowera. Zotsala zimayendetsera paki. Kuyambira 2005 eni nthaka akhala akupatula gawo la ndalamazi kuti lizigwira ntchito za chitukuko m'midzi yawo mothandizana ndi Central Land Council, ndipo dziwe losambiramo la ku Mutitjulu, lotsegulidwa mu 2013, linamangidwa ndi thandizo la ndalama zimenezi.

Koma ndalama zenizeni za alendo zimathera pa ndege, pogona ndi chakudya, ndipo izi zili ku Yulara, tauni ya mahotela imene inatsegulidwa kunja kwa paki mu 1984 mamotelo a patsinde atatsekedwa. Mu 2011 mahotelawo anagulidwa ndi bungwe la boma loona nthaka ya mbadwa, ndipo anayambitsa sukulu yophunzitsa achinyamata ntchito za m'mahotela. Ophunzira ambiri amachokera m'madera ena a Australia. Ku Mutitjulu, makilomita ochepa kuchokera pa zipinda zodula, nyumba n'zothithikana ndipo ntchito n'zosowa.

Ndiye kuti mgwirizano umenewu ukuyenda bwino kapena ayi?

Ukuyenda, koma mokokana. Mu Ogasiti 2020, nthawi ya Covid-19, anthu a ku Mutitjulu anatseka msewu wolowera m'paki atamva kuti ndege yochokera ku Brisbane yatera ndi alendo, ndipo paki inatsekedwa masiku angapo. Eni nthaka okhala ndi mipando 8 m'bodi anafunikabe kuima pamsewu kuti amvedwe.

Ku Kakadu, paki ina ya kumpoto yoyendetsedwa mofananamo, aboma anamanga kanjira ka alendo pa mathithi a Gunlom mu 2019 pafupi kwambiri ndi malo opatulika a amuna a mtundu wa Jawoyn, popanda chilolezo choyenera. Nkhani inafika kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 2024 ofesi ya mkulu wa mapaki inavomera mlandu n'kulipitsidwa chindapusa. Kanjira kokha, kopangidwa kuti alendo aziyenda bwino, kanatseketsa malowo zaka zingapo.

Kodi kwina kuli zofanana?

Ku Canada, anthu a Haida anayamba mu 1981 kutumiza alonda awo kukakhala m'midzi yakale ya pa zilumba za Gwaii Haanas nyengo ya alendo. Alondawo amateteza mizati yosema ndi kufotokozera obwera, ndipo kuchokera pa mgwirizano wa 1993 malowo amayendetsedwa ndi bodi ya mipando yofanana pakati pa Haida ndi boma. Ku South Africa, a Makuleke amene anachotsedwa kumpoto kwa paki ya Kruger mu 1969 anabwezeredwa nthaka yawo mu 1998 pa mgwirizano wakuti ikhalebe yosungirako zachilengedwe. Ku paki ya Kgalagadi, m'dziko lomwelo, a ǂKhomani San ndi a Mier anapatsidwa gawo la paki mu 2002, ndipo malo ogona a !Xaus Lodge ndi awo. Kulikonse chikalata cha nthaka chimabwera msanga kuposa ntchito ndi mphamvu yolankhula.

Munthu akafika kumeneko ayambire pati?

Yambirani ku nyumba ya chikhalidwe musanapite pathanthwe. Inatsegulidwa mu 1995, ndi ya njerwa zadothi, ndipo zigawo zake ziwiri zinakhotetsedwa moimira Kuniya ndi Liru. M'mawa wotsatira pitani pa ulendo waulere wa Mala umene alonda a paki amatsogolera, 8 koloko kuyambira Okutobala mpaka Epulo, 10 koloko kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Mudzaona phanga limene amayi ankaperera mbewu, pansi pake posalala ndi mphero, ndi lina limene agogo ankaphunzitsira anyamata kusaka pojambula pakhoma, zojambula zatsopano pamwamba pa zakale. Ulendowu umathera pa dziwe la Kantju, pamene alendo amapemphedwa kutsitsa mawu.

Nyamulani madzi, lita imodzi pa ola lililonse loyenda. Kukatentha kufika madigiri 36, njira ya Valley of the Winds ku Kata Tjuta imatsekedwa 11 koloko m'mawa kupitirira poonera poyamba. Ku mudzi wa Mutitjulu simulowa popanda chilolezo. Moni wake ndi palya, ndipo mkulu akapanda kuyankha funso lanu musaumirire. Musatole mwala kapena mchenga, ndi mlandu wa chindapusa. Ofesi ya paki imalandira kawirikawiri timaphukusi ta miyala yobwezedwa pa positi ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ena atalemba makalata opepesa, koma poti palibe amadziwa pamene mwala uliwonse unatoledwa, subwezedwanso pathanthwe.